WOYATSA MOTO NDIYE AYENERA KULIPA NKHOKWE

M'midzi ya dziko lino mulibe munthu wamkulu amene sadziwa kaweruzidwe ka mlandu wa moto. Munthu akayatsa tchire pofuna mbewa, kapena akatentha mapesi m'munda mwake, motowo nulumpha malire nukapsereza nkhokwe ya mnansi wake, nkhaniyo ipita ku bwalo. Kumeneko mfumu ndi nduna zake sataya nthawi ndi kufunsa ngati mwini motoyo anachita dala. Afunsa zinthu zitatu: anayatsa ndani, chapsa nchiyani, ndipo adzalipa liti. Woyatsayo akangoomba m'manja ndi kunena kuti pepani, akulu amkumbutsa kuti pepani sapoletsa chilonda, ndi kuti ana a mnzakeyo sadzadya mau m'mwezi wa February.

Mlandu wonga womwewu uli pakati pa maiko a dziko lonse lapansi, ndipo wakhala uli kukambidwa kwa zaka zoposa 30. Ndiwo mlandu wa kusintha kwa nyengo. Chaka ndi chaka nthumwi za maiko pafupifupi 200 zisonkhana mu mzinda wina waukulu, zichezera usiku kukangana pa mau, nizibwerera kwao ndi mapepala. Funso loyamba ndi lachiwiri akatswiri a sayansi anayankha kale. Latsala ndi lachitatu lija la malipiro, ndipo ntchito yonse yochepetsa utsi wa m'mlengalenga idzatheka kapena kulephereka malinga ndi yankho la funso limeneli.

UTSI UMENE SUONEKA

Kuti munthu amvetse mlanduwu ayenera kuyamba wadziwa za motowo. Malasha, mafuta a galimoto ndi gasi zikapsa m'mafakitale, m'nyumba zopangira magetsi, m'sitima ndi m'ndege, zitulutsa mpweya wotchedwa kaboni dayokisaidi. Mpweyawu suoneka ndi maso ndiponso ulibe fungo, koma ukakwera m'mlengalenga ukhala monga gombeza lofunda dziko. Ulola kuwala kwa dzuwa kufika pansi, koma utsekereza kutentha kwina kumene kukanabwerera kumwamba. Gombezalo likamachindikala, dziko nalo limka litentherabe. Choopsa chake nchakuti mpweyawu sutha msanga: gawo lina la utsi umene unatuluka m'mafakitale a ku Manchester zaka 150 zapitazo likali m'mlengalenga kufikira lero.

Nzeru imeneyi si yatsopano. Mu 1896 katswiri wa ku Sweden, Svante Arrhenius, anawerengera kuti mpweyawu ukachuluka dziko lidzatentha. Mu 1958 Charles David Keeling anayamba kuuyeza pa phiri la Mauna Loa ku Hawaii, napeza kuti pa magawo 1,000,000 alionse a mpweya, magawo pafupifupi 315 anali a kaboni dayokisaidi. Mafakitale asanayambe magawowo anali ngati 280. Pofika mu 2024 anali atapitirira 420. Bungwe loona za nyengo pa dziko lonse, la World Meteorological Organization, linalengeza kuti chaka cha 2024 chinatentha koposa zaka zonse zolembedwa kufikira nthawiyo, ndi kuti chinaposa zaka za pakati pa 1850 ndi 1900 ndi madigiri pafupifupi 1.55.

Wina angaseke kuti digiri imodzi ndi theka nkanthu kochepa. Koma mai aliyense amene anathamangirapo ndi mwana ku chipatala usiku adziwa kuti thupi likakwera chotero ndiye kuti malungo alowa. Mpweya ukatentha ndi digiri imodzi, usenza chinyezi choonjezereka ndi magawo 7 pa 100 alionse. Chotero mvula ikabwera ibwera yaukali, ndipo ikakanika nthaka iuma msanga koposa kale.

ANAYATSA NDANI

Pa utsi wonse wa malasha, mafuta ndi gasi umene watuluka chiyambire nthawi ya mafakitale, pafupifupi gawo limodzi mwa magawo anai linachokera ku dziko limodzi la America, ndipo pafupifupi gawo limodzi mwa magawo asanu linachokera ku Britain ndi maiko a mu mgwirizano wa European Union. Masiku ano dziko la China ndilo lili patsogolo, pakuti litulutsa pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu a utsi wa chaka chilichonse. Afrika yense, ndi anthu ake pafupifupi 1.5 biliyoni, safika pa magawo 4 pa 100. Munthu mmodzi wa ku America atulutsa matani pafupifupi 14 pa chaka, pamene Amalawi khumi pamodzi atulutsa ngati tani imodzi yokha. Ndiko kunena kuti mudzi wa anthu 100 wa ku Ntcheu sufika pa utsi wa munthu mmodzi wa kumeneko.

Maiko olemera sanakane zimenezi. Pa msonkhano wa ku Rio de Janeiro mu 1992, pamene pangano loyamba la United Nations la za nyengo linasainidwa, anavomera ndi manja ao kuti udindo ndi wa onse koma katundu sangafanane, ndi kuti amene analemera ndi malasha ayenera kutsogolera ndiponso kuthandiza anzao osauka. Mau amenewo anali olungama. Chimene chavuta ndicho kuwasunga.

MAPANGANO NDI ZIPATSO ZAKE

Mu 1997 ku Kyoto, m'dziko la Japan, maiko olemera anapangana kuti pakati pa 2008 ndi 2012 adzatsitsa utsi wao ndi magawo pafupifupi 5 pa 100 poyerekeza ndi wa mu 1990. America sanatsimikize panganolo, ndipo Canada analengeza mu 2011 kuti atulukamo. Mu 2015 ku Paris maiko onse, olemera ndi osauka omwe, anagwirizana kuti kutentha kusafike pa madigiri 2, ndi kuti ayesetse kukuimitsa pa 1.5. Dziko lililonse linapatsidwa ufulu wodziikira lokha muyeso wake, ndi kuukweza pa zaka zisanu zilizonse. America anatuluka m'panganoli mu 2020, nabwerera mu 2021, ndipo mu January 2025 Pulezidenti Donald Trump analamula kuti atulukenso. Pa zaka zonsezi utsi sunaleke kukwera: unali matani pafupifupi 23 biliyoni mu 1990, ndipo mu 2024 unaposa matani 37 biliyoni.

Komabe kungakhale kunama kunena kuti misonkhanoyi sinapindule kanthu. Dziko la Britain, kumene nyumba yopangira magetsi ndi malasha inayamba kugwira ntchito mu mzinda wa London mu 1882, linazimitsa nyumba yake yotsiriza yotere, ya Ratcliffe-on-Soar, pa 30 September 2024. Pakati pa 2010 ndi 2023 mtengo wopangira magetsi a dzuwa unatsika ndi magawo pafupifupi 90 pa 100, makamaka chifukwa cha mafakitale a ku China. Pangano la Paris lisanachitike, akatswiri ankaopa kuti dziko lidzatentha ndi madigiri pafupifupi 4 pofika chaka cha 2100. Mu 2025 nthambi ya United Nations yoona za chilengedwe inati malonjezo onse akasungidwa kutenthako kudzakhala pakati pa madigiri 2.3 ndi 2.5. Moto wachepa ukali, koma sunazime, ndipo malire a 1.5 aja ali pafupi kupitiriridwa.

Pali phunziro lina m'mbiri limene nthumwi siziyenera kuliiwala. Mu 1987 ku Montreal maiko anapangana kuleka mankhwala ena a m'mafiriji amene ankaboola chophimba cha ozoni kumwamba. Pangano limenelo linatheka, ndipo chophimbacho chili kuchira. Chimodzi mwa zimene zinalitheketsa ndicho chakuti mu 1990 maiko olemera anavomera kukhazikitsa thumba la ndalama lolipirira maiko osauka kuti asinthe makina ao, nakhala akuikamo ndalamazo mokhulupirika. Pamene pangano linali ndi thumba lodzaza, ntchito inayenda.

CHAPSA NCHIYANI

Anthu a m'Chigawo cha Kumwera safunika kuwafotokozera za funso lachiwiri. Mu January 2022 namondwe wa Ana anaononga damu la magetsi la Kapichira pa mtsinje wa Shire, ndipo dziko linataya mamegawati pafupifupi 130 kwa nthawi yoposa chaka. Mu March 2023 namondwe wa Freddy anagwetsa matope ndi miyala ya phiri la Soche pa nyumba za ku Chilobwe mu mzinda wa Blantyre, nasakaza midzi ku Chiradzulu, Mulanje, Phalombe, Chikwawa ndi Nsanje. Anthu oposa 1,000 anafa kapena kusowa, ndipo oposa 650,000 anathawa m'nyumba zao. Zilonda zisanapole kunadza chilala, kotero kuti mu March 2024 Boma linalengeza za ngozi m'maboma 23 mwa maboma 28.

Akatswiri sanena kuti namondwe aliyense abadwa ndi utsi wa m'mafakitale. Napolo anatsika ku Zomba mu 1946 ndi ku Phalombe mu 1991, ndipo chilala cha 2024 chinadza ndi nyengo ya El Niño imene yakhala ikubwerabwera kuyambira kale. Chimene anena nchakuti kutentha kwa dziko kuonjezera ukali wa ngozi zotere. Amene anafufuza za mvula ya Ana anapeza kuti kusintha kwa nyengo kunaikuza. Ngozi imene kale inkadza kamodzi pa moyo wa munthu tsopano ipeza mlimi asanamalize kumanga nyumba imene inagwa ndi ngozi yapita.

ADZALIPA LITI

Pano ndi pamene pali mtima wa mlandu. Ku Copenhagen mu 2009 maiko olemera analonjeza kuti pofika 2020 azidzapereka madola 100 biliyoni chaka chilichonse. Bungwe lao lomwe la OECD linavomera kuti chiwerengerocho chinakwanira mu 2022, patapita zaka ziwiri, ndi kuti pa ndalama zochokera ku maboma, pafupifupi magawo 7 mwa 10 zinali ngongole. Owerenga aganizire za munthu amene watentha nkhokwe ya mnzake, nabwera m'mawa ndi thumba la chimanga, nati alibweze pokolola pamodzi ndi chiongoladzanja. Ku mudzi anthu amutcha wakatapila, ndipo mfumu singamuthokoze.

Za thumba lolipirira zoonongeka, mbiri yake ndi yaitali koposa. Dziko laling'ono la pa zilumba la Vanuatu linapempha thumba lotere mu 1991. Maiko olemera anazengereza zaka 31, ndipo ngakhale ku Paris anaonetsetsa kuti palembedwe poyera kuti panganolo silipatsa munthu mphamvu yoimba mlandu kapena yofuna chipukuta misozi. Thumbalo linavomerezedwa ku Sharm el-Sheikh mu 2022, ndipo ku Dubai mu 2023 maiko analonjeza kuikamo madola pafupifupi 700 miliyoni. Pa ndalama zimenezo America analonjeza madola 17.5 miliyoni. Tsono kafukufuku amene Boma la Malawi linachita pamodzi ndi mabungwe othandiza anapeza kuti kukonza zimene Freddy anaononga kufuna madola pafupifupi 680 miliyoni. Chotero zimene zinalonjezedwa ku Dubai kaamba ka maiko onse osauka a dziko lapansi zikanathera pa namondwe mmodzi m'chigawo chimodzi cha dziko limodzi laling'ono.

Ku Baku mu 2024 maiko osauka anapempha madola 1.3 thiriliyoni pa chaka. Gulu la maiko osaukitsitsa, limene pa nthawiyo linkatsogozedwa ndi Mmalawi, Bambo Evans Njewa, linafika potuluka m'chipinda cha zokambirana pamodzi ndi maiko a pa zilumba. Pomaliza panalembedwa madola 300 biliyoni pa chaka pofika 2035. Ku Belém, m'dziko la Brazil, mu November 2025, nthumwi zinapempha kuti ndalama zothandiza maiko kudziteteza ku nyengo zichulukitsidwe katatu pofika 2035, koma zinalephera kugwirizana za ndondomeko yosiyira malasha, mafuta ndi gasi. Lonjezo lililonse latsopano liikidwa zaka khumi kutsogolo. Akale anati fodya wako ndi uyo ali pamphuno, wa pachala ngwa mphepo.

ZONENA ZA MBALI INAYO

Woimbidwa mlandu naye ayenera kumvedwa. Maiko olemera anena zinthu zitatu.

Choyamba ati mndandanda wa olipira unalembedwa mu 1992, pamene China anali wosauka, ndipo lero China ndi maiko a mafuta monga Saudi Arabia ali ndi chuma chambiri ndi utsi wambiri. Zimenezi nzoona, ndipo aliyense amene walemera ndi utsi ayenera kuponyamo m'thumba. Koma anthu awiri akayatsa tchire limodzi, mkangano wao wa amene anayatsa kwambiri suyenera kugoneka ndi njala mwini nkhokwe.

Chachiwiri ati ndalama zopita ku maiko osauka zimathera m'matumba a anthu ochepa. Chidzudzulo chimenechi sichiyenera kuyankhidwa ndi mkwiyo, pakuti nthawi zina chakhala choona. Yankho lake ndi mabuku a ndalama otseguka, oti wopereka ndi wolandira omwe aziwerenga. Boma la Scotland, limene mu 2021 linayamba kupatula ndalama za zoonongeka ndi nyengo, linatumiza gawo lina kwa mabanja a ku Nsanje amene Freddy anawasiya pa mtetete, ndipo ndalamazo zinafika m'manja mwa eni ake. Njira yofikitsira thandizo kwa mlimi ilipo kwa amene aifuna.

Chachitatu ati naonso ali ndi mavuto kwao, ndipo anthu ao okhoma msonkho atopa. Koma moto suzindikira amene anauyatsa. Madzi osefukira anapha anthu oposa 180 ku Germany mu July 2021 ndi oposa 200 ku Valencia, m'dziko la Spain, mu October 2024, ndipo mu January 2025 moto unapsereza nyumba zikwi zambiri ku Los Angeles. Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe.

Palinso chifukwa china chimene chiposa zonsezi. Anthu pafupifupi 600 miliyoni a mu Afrika alibe magetsi, ndipo palibe boma limene lingauze anthu ake kuti akhale mu mdima kosatha. Magetsiwo adzabwera ndithu. Akabwera ndi malasha, monga anachitira ku Ulaya ndi ku China, zonse zimene maiko olemera achepetsa zidzabwezeredwa m'mlengalenga. Akabwera ndi dzuwa, madzi ndi mphepo, dziko lonse lidzapindula. Makina a dzuwa atsika mtengo, koma dziko losauka likafuna kukongola ndalama zowagulira lilipiritsidwa chiongoladzanja chokwera koposa dziko lolemera. M'ndondomeko imene Malawi anapereka ku United Nations mu 2021, analonjeza kuti pofika 2040 adzachepetsa utsi wake ndi magawo 51 pa 100 poyerekeza ndi umene ukanatuluka popanda kusintha kanthu. Pa magawo amenewa, 6 okha ndiwo a mphamvu zake, ndipo 45 adalira thandizo lakunja. Maiko ambiri osauka analemba mofananamo. Ndalama zimenezi tsono si mphatso ya chifundo. Ndizo mtengo wa ntchito imene olemerawo aifuna kuti ichitike.

ZA PAKHOMO

Wodandaula pa bwalo amveka bwino ngati nayenso analambula m'mbali mwa nkhokwe yake. Mabanja oposa 90 pa 100 m'dziko lino aphikira nkhuni kapena makala, ndipo aliyense woyenda pa mseu wa Zalewa aona matumba a makala ali ndandanda. Mapiri a Ndirande ndi Soche, amene akulu awakumbukira ali ndi nkhalango, anametedwa. Mitengo imeneyi si ndiyo inatenthetsa dziko lapansi, koma phiri lopanda mitengo siligwira madzi, ndipo mtsinje wolimidwa mpaka m'gombe udzaza mchenga nusefukira m'midzi.

Mu 2016 Malawi analonjeza kubwezeretsa mahekitala 4.5 miliyoni a nthaka yoguga ndi nkhalango pofika 2030. Ku Salima kunatsegulidwa malo opangira magetsi a dzuwa a mamegawati 60 mu 2021, ndipo ku Golomoti ena a mamegawati 20 mu 2022. Zimenezi ndi chiyambi chabwino. Chotsala chili m'manja mwa mafumu, alangizi ndi eni mabanja: kusamala mbande zikabzalidwa, pakuti mtengo wobzalidwa pa mwambo nuiwalika m'chilimwe suwerengedwa; kulola zitsa kuphukira m'minda; kuphikira pa mbaula zosatha nkhuni; kusiya malire pakati pa munda ndi mtsinje; ndi kumvera chenjezo la a zanyengo lisanafike tsiku la ngozi. Nkhanga zinapangana kusanapse. Ndipo tambala iliyonse yobwera m'dzina la nyengo iyenera kuoneka kumene yapita, pakuti ndalama imodzi yobedwa ipatsa maiko olemera chifukwa chomanira zikwi.

BWALO LAYANKHULA

Pa 23 July 2025 bwalo lalikulu la milandu ya pakati pa maiko, la International Court of Justice ku The Hague, linapereka maganizo ake pa funso limene Vanuatu yemwe uja anatsogolera kulifikitsa kumeneko. Oweruza onse anagwirizana kuti maiko ali ndi udindo wa lamulo woteteza nyengo, ndi kuti dziko lonyozera udindowu likhoza kufunsidwa kukonza zimene laononga. Maganizowa ndi uphungu chabe, ndipo palibe msilikali amene adzapita kukalanda chuma cha dziko lokana. Koma ndi mau a bwalo, ndipo agwirizana ndi zimene mfumu ya m'mudzi uliwonse inadziwa kale.

Chifukwa chake nthumwi za Malawi ndi za maiko anzake, zikamapita ku misonkhano ikudzayo, zisakhutire ndi ziwerengero zazikulu za zaka zakutsogolo. Zifunse kuti pa ndalama zolonjezedwa zalowa m'thumba ndi zingati, za ngongole ndi zingati, ndipo zafika kwa anthu a ku Makhanga ndi ku Chilobwe ndi zingati. Zifunsenso kuti nyumba za malasha zotsekedwa chaka chimenecho ndi zingati. Msonkhano umene uyankha mafunso amenewa ndi ziwerengero zoona ndiwo woyenera kutchedwa wopambana. Woyatsa moto adziwika, chimene chapsa chawerengedwa, ndipo eni nkhokwe akali chikhalire pa bwalo kudikira tsiku la malipiro.